Mbombwe, Mudzi Umene Unaumba Njerwa Kawiri

Mbombwe ndi dzina la kamtsinje, ndiponso la dera limene kamtsinjeko kamadutsamo, kum'mawa kwa Limbe, m'boma la Chiradzulu, kufupi ndi Nguludi. Masiku ano ukauza mnyamata wa kabaza kuti akuperekeze ku Mbombwe, akhoza kuyamba wakufunsa kuti ndi chakuti. Ukangoti pa PIM, chidule cha Providence Industrial Mission, waliza kale njinga. Malowo ndi aang'ono: tchalitchi chachikulu cha njerwa, sukulu, chipatala, timagolosale ndi kamsika, kenaka midzi yothithikana mbali zonse, nyumba kuseri kwa nyumba, munda kugundana ndi munda. Dothi lake ndi lakatondo, lofiira, lomata kumapazi nthawi ya dzinja. Phiri la Chiradzulu, lotalika mamita 1,773, lili pafupi, ndipo kukacha bwino mvula itagwa usiku, la Mulanje nalo limaoneka mbee chapatali.

Amalawi ambiri amadziwa malo ano chifukwa cha usiku umodzi wokha, wa Loweruka pa 23 Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe ananyamula mikondo. Usiku umenewo ndi waukulu ndithu, sindikuuchepetsa. Koma wakula mpaka kuphimba zaka 15 za thukuta zimene zinautsogolera, ndi zaka zoposa 100 zimene zabwera pambuyo pake. Wofuna kuimvetsa Mbombwe ayambire pa nthaka: inali ya yani, inalandidwa bwanji, nanga anthu amene ankaigaula anachokera kuti.

Eni nthaka akale anali Amang'anja, alimi a mapira ndi thonje, osula makasu. Cha m'ma 1860 Ayao anayamba kufika kumtunda kuno, nawonso atasunthidwa kwawo ndi nkhondo, ndipo inali nyengo imene malonda a akapolo anali pachimake. Mu 1861 David Livingstone anaperekeza amishoni a UMCA, wowatsogolera ali Bishopu Charles Mackenzie, n'kuwakhazika pa Magomero, chakumpoto kwa kuno. Sanakhalitsepo. Nkhondo, malungo ndi chilala choopsa cha 1862 mpaka 1863 zinabalalitsa amishoni ndi eni mudzi omwe. Anthu asanapume bwino, mu 1884 Angoni a Maseko anawoloka Shire n'kusakaza midzi. Opulumuka anakwera m'mapiri, n'kumanga m'matanthwe momwe mdani angaonekere akadali kutali. Tsono azungu ofuna minda atafika, anapeza zigwa zili tayale, midzi ili patalipatali, iwo n'kuti nthakayi ilibe mwini. Mafumu anapatsidwa nsalu, mikanda ndi mfuti, nadinda zala pa mapepala amene sankatha kuwawerenga. Britain atatenga dziko lino mu 1891, Harry Johnston anatsimikiza malonda amenewo ndi zikalata zotchedwa Certificates of Claim, ndipo mbali yaikulu ya nthaka yabwino ya kumapiri a Shire inasanduka maesiteti.

Esiteti imene inayandikana ndi Mbombwe inali ya A. L. Bruce, ya maekala pafupifupi 170,000, likulu lake pa Magomero pomwe paja. Mwini wake, Alexander Livingstone Bruce, anali mdzukulu wa David Livingstone kudzera mwa mayi ake, Agnes. Woyang'anira ntchito tsiku ndi tsiku anali William Jervis Livingstone, amene anthu ankangomuti Listonia. Munda waukulu chotere umafuna manja ambiri, makamaka atayamba kulima thonje, ndipo manjawo anachokera kum'mawa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 Alomwe ankawoloka malire kuthawa nkhanza, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ku Mozambique. Ankafika ndi timitolo pamutu, ana kumbuyo, alibe mfumu yowayankhulira, alibe poti apa m'pathu. Azungu a maesiteti anawalandira ndi manja awiri chifukwa ankadziwa kuti munthu wotere sangakane chilichonse. Ndi mmene anthu a dera lino anasakanikirana: Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, onse otsata mtundu kuchikazi, onse a chikamwini, mpaka lero ukalowa m'mudzi umodzi umapeza mayina a mitundu itatu yonse pabwalo limodzi.

John Chilembwe anali mwana wa dera lomwe lino. Mu 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa Joseph Booth, mmishoni wa ku England amene anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, munthu amene amishoni anzake ankamuda chifukwa cholipira bwino antchito ndi kulalikira kuti Africa ndi ya Aafrika. Chilembwe anabatizidwa mu 1893, ndipo mu 1897 anapita ndi Booth ku America. Kumeneko mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention unamulipirira maphunziro pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Anaona ndi maso ake tsankho la kumeneko, komanso anaona ana a akapolo ali ndi makoleji awo, nyuzipepala zawo, matchalitchi awo. Mu 1900 anabwerera kwawo ali mbusa wodzozedwa, n'kugula maekala 93 pa Mbombwe. Pambali pa maekala a Bruce, malo akewo anali ngati njere imodzi ya nandolo m'lichero. Komatu anali ake, ogula ndi ndalama, olembedwa pa pepala limene mzungu sakanatha kulikana. Pamenepo ndi pomwe panabadwira Providence Industrial Mission.

Zaka zoyambazo ndi zimene ine ndimazikonda kwambiri, ndipo ndi zimene sizikambidwa mokwanira. Mu 1901 kunabwera mbusa Landon Cheek, mu 1902 kunabwera mayi Emma DeLany, onse anthu akuda a ku America, kudzathandiza ntchito. Kwa mwana wa m'mudzi amene anali atazolowera kuti buku ndi nsapato ndi za mzungu, kuona munthu wa khungu ngati lake ataima kutsogolo kwa kalasi chinali kale chiphunzitso chachikulu. DeLany pamodzi ndi Ida, mkazi wa Chilembwe, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. M'munda wa mishoni anayesa khofi ndi thonje. Chilembwe ankaumirira zinthu zimene ena lero angazione ngati zazing'ono: kusamba, kuvala bwino, kusamwa mowa, kugwira ntchito ndi manja, kusunga kandalama. Alendo a ku America aja anali atabwerera pofika 1906, koma ntchito siinaime. Pofika 1912 mishoni inali ndi masukulu 7, ana pafupifupi 1,000 ndi akuluakulu ngati 800 akuphunzira kuwerenga ndi kulemba. Ambiri mwa iwo anali Alomwe a m'maesiteti, anthu amene panalibe wina wowawerengera.

Kenaka anamanga tchalitchi. Aliyense amene anaumbako njerwa akudziwa chimene mawu amenewa akutanthauza. Umayamba wakumba nkhuti, amayi n'kumatunga madzi kumtsinje mtsuko ndi mtsuko, anyamata n'kumaponda dothi mpaka lifewe. Wina amaponya dothi m'chikombole, wina amathamanga nacho kukakhuthula pabwalo losesa, wina amafunditsa udzu kuti dzuwa lisang'ambe njerwa zikadali zaziwisi. Zikauma mumapanga uvuni, mumamata, mumasonkha moto usana ndi usiku osagona, nkhuni zake zosenza pamutu. Tsono taganizani njerwa zokwanira tchalitchi chokhala ndi nsanja, choti munthu akachiona aziyerekeza ndi matchalitchi a amishoni achizungu. Ndipo oumbawo anali anthu omwe aja amene miyezi ya dzinja ankathera m'munda wa mzungu, ndipo zaka zimenezo kunali chilala ndi njala ya 1912 mpaka 1913. Tchalitchicho chinatha mu 1913. Chithunzi chake chilipo: Chilembwe ataima panja pake ndi mmishoni wachizungu John Chorley, onse awiri zipewa zili kumutu.

Chipewacho chinali nkhani. Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, apo ayi amva mawu akuti chotsa chipewa, mwinanso ndi chikoti chomwe. Koma chimene chinkawawa koposa chinali thangata. Banja lokhala pa esiteti linkalipira malo ndi ntchito: mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Mu 1912 msonkhowo unakwera kufika masheleni 8, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira masheleni 4, ndiye kuti boma lenilenilo linkakankhira anthu m'minda ya azungu. Pa pepala inali miyezi iwiri. Pa Magomero mwezi sunkawerengedwa poyang'ana kumwamba, unkawerengedwa pa tikiti. Kapitawo akapima ndime m'mawa, iwe n'kulephera kuimaliza dzuwa lisanalowe, tsikulo silinkalembedwa. Motero miyezi iwiri inkatha kutambasuka kufika inayi, isanu, ndipo inkagwera nthawi yeniyeni yodzala ndi yopalira, munda wako uli thengo. Malipiro nthawi zina ankakhala fodya m'malo mwa ndalama. Amayi amasiye nawo sankasiyidwa. Munthu wobwerera kunyumba chimanga chake chitadyedwa ndi udzu ankadziwiratu kuti chaka chimenecho ana agona ndi njala.

Bruce sankafuna sukulu iliyonse pa malo ake. Ankadziwa kuti munthu wotha kuwerenga tikiti amayamba kufunsa mafunso. Akhristu a PIM okhala m'midzi ya pa esiteti akamanga kachisi wa udzu woti azipempheramo ndi kuphunziramo, Listonia ankatuma anthu kukatentha. Madandaulo onse amenewa ankathera pakhonde la mbusa pa Mbombwe, chifukwa kunalibe kwina kopita nawo. Chilembwe mwini anali ndi zake zomulemera: ngongole, mphumu, maso oyamba kuchita khungu. Kenaka mu Ogasiti 1914 nkhondo ya azungu inabuka. Mu Sepitembala asilikali akuda anafa ku Karonga pomenyana ndi Ajeremani, ndipo amuna ambiri anayamba kugwidwa kukasenza katundu wa nkhondo, ntchito imene inkatchedwa tengatenga. Mu Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chimene amphawi opanda kanthu m'dziko lawo lomwe ayenera kufera nkhondo ya eni chuma, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa, ndipo linayamba kukonza zomuchotsa m'dziko.

Zimene zinachitika pambuyo pake akuluakulu ankazitchula kuti nkhondo ya Chilembwe, ndipo ankazikamba motsitsa mawu. Loweruka usiku magulu ananyamuka pa Mbombwe. Gulu lina linapita ku Magomero, kumene linapha Listonia m'nyumba mwake n'kumudula mutu, linaphanso Duncan MacCormick, ndipo ku Mwanje linapha Robert Ferguson. Akazi ndi ana a azungu anatengedwa, koma palibe anawakhudza, ndipo anamasulidwa ali bwinobwino, monga mmene Chilembwe analamulira. Gulu lina linayenda usiku wonse kupita ku Blantyre kukathyola nyumba ya zida ya kampani ya African Lakes ku Mandala, koma linangopeza mfuti zochepa alonda atadzidzimuka. Ku Ntcheu, Filipo Chinyama amene ankayenera kuukira nthawi yomweyo sanapite patali. Lamulungu m'mawa mapemphero anachitika m'tchalitchi cha Mbombwe mutu wa Listonia uli pamtengo. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ku Nguludi inatenthedwa ndi anthu a Chilembwe, ndipo wansembe, Bambo Swelsen, anavulazidwa koopsa. Izi sitiyenera kuzibisa kapena kuzikometsa. Mutu wa munthu m'nyumba ya Mulungu ndi chinthu choopsa, ndipo wansembe wa ku Nguludi sanali kapitawo wa thangata. Koma amene amaweruza usiku umenewo osatchula tikiti, chikoti ndi makachisi otenthedwa akuweruza mlandu atamva mbali imodzi.

Mafumu ambiri sanadzuke, midzi yakutali siinayankhe, ndipo nkhondoyo inatha msanga. Asilikali a boma anayesa kulowa pa Mbombwe pa 25 Januwale, anthu a Chilembwe n'kuwatsekereza m'mbali mwa kamtsinje kaja. Tsiku lotsatira asilikaliwo anapeza pamalopo pali zii, anthu atabalalika kulowera ku Mulanje ndi ku Mozambique. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa ndi apolisi cha ku Mulanje akulowera kumalire, pamodzi ndi mphwake Morris. Anamuika mwakabisira, ndipo manda ake sadziwika mpaka lero, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri kunali anthu okhulupirira kuti sanafe. David Kaduya, msilikali wakale amene ankatsogolera omenya nkhondo, anaphedwa. John Gray Kufa, mkulu wa mpingo wa Blantyre Mission wodziwa ntchito ya chipatala, ananyongedwa. Duncan Njilima, wamalonda wodziwika, anaphedwanso. Oweruzidwa kuti afe anapitirira 30, otsekeredwa m'ndende anali pafupifupi 300, osawerengera amene anangowomberedwa m'tchire popanda mlandu kuzengedwa. Midzi inatenthedwa, dera lonse linalipitsidwa chindapusa. Ndipo tchalitchi chija, chimene chinali chisanathe zaka ziwiri zenizeni chikugwira ntchito, asilikali anachitchera mabomba n'kuchiphulitsa.

Bwanamkubwa George Smith anakhazikitsa bungwe lofufuza, ndipo bungwelo linavomereza kuti pa esiteti ya Bruce anthu ankazunzidwa. Koma thangata sanathe. Chimene chinatha ndi mishoni. PIM inaletsedwa, masukulu ake anatsekedwa, ndipo munthu wodziwika kuti anali wa Chilembwe ankayenda chozemba. Ida Chilembwe anamwalira pa mliri wa chimfine wa 1918. Kwa zaka 11 pa Mbombwe panali bwinja, zibuma za njerwa zili mbwee m'udzu. Komabe m'midzi munali anthu amene ankasonkhana mobisa kupemphera, osalowa mpingo wina, kudikira. Mayina awo ambiri sanalembedwe paliponse, koma popanda iwo sipakanakhala choti wina adzachidzutse.

Wodzadzutsayo anali mwana wa sukulu yomwe ija. Daniel Sharpe Malekebu anali mnyamata wa kuno amene anaphunzitsidwa ndi Emma DeLany, ndipo mphunzitsi wakeyo atabwerera kwawo, iye anachoka pamudzi n'kumutsatira mpaka ku America. Nkhondo ya 1915 inachitika iye ali kutsidya kwa nyanja, pa sukulu. Mu 1917 anamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville, n'kukhala Mmalawi woyamba kukhala dokotala. Pa koleji yomweyo ndi pomwe Hastings Kamuzu Banda anadzamaliza mu 1937, patapita zaka 20, koma ana athu a sukulu ambiri dzina la Malekebu salidziwa, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. Anakwatira Flora Zeto, mayi wobadwira ku Congo amene anakulira ndi kuphunzira ku Atlanta. Mu 1921 awiriwa anayesa kubwera kuno, boma la atsamunda n'kuwabweza, poopa kuti Chilembwe wina wafika. Anakagwira ntchito ku Liberia, osataya mtima, mpaka mu 1926 analoledwa kulowa ndi kutsegulanso mishoni.

Apa ndi pomwe anthu a Mbombwe anaumbanso njerwa. Ena mwa iwo anali omwe aja anaponda dothi la tchalitchi choyamba, ena anali ana a anthu onyongedwa. Anakumbanso nkhuti, anatunganso madzi mu kamtsinje komwe kaja, n'kumanga tchalitchi china pafupi ndi bwinja la choyamba, ndipo ndi chimene chaima pamalopo lero. Malekebu anayenda mosamala kwambiri. Maso a boma anali pa iye usana ndi usiku, ndipo ankadziwa kuti liwu limodzi lolakwika likhoza kutsekanso zonse. Ena amamuona ngati munthu wofatsa mopitirira poyerekeza ndi Chilembwe. Ine sindigwirizana nawo. Kutsegula sukulu pamalo pamene boma linaphulitsa tchalitchi, kuika chipatala pamene anthu ankangodalira mizu, kukhala pamenepo zaka 45 osatopa, kumafuna mtima wolimba wa mtundu wina. Pa nthawi yake mpingo unafalikira kutali. Amuna a kuno opita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ku Joni ndi ku Mozambique ankanyamula chipembedzo chawo, n'kumatsegula nthambi m'makomboni a migodi ndi m'mafamu. Mu 1945 mipingo imeneyi inalumikizidwa pansi pa National Baptist Assembly of Africa, likulu lake lili pa kamudzi ka Mbombwe. Malekebu anapuma ntchito mu 1971 ndipo anamwalira mu 1978.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Chilembwe linatuluka poyera. Mu 1965 boma linatulutsa masitampa okumbukira zaka 50 chichitikire nkhondo ija. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, boma la Bakili Muluzi linaika 15 Januwale kukhala tsiku la tchuthi lokumbukira Chilembwe, ndipo kuyambira 1997 mpaka 2012 nkhope yake inali pa ndalama zonse zapepala. Lero ili pa K500 ndi pa K2,000. Mu Sepitembala 2022 chiboliboli chotchedwa Antelope, chopangidwa ndi Mmalawi Samson Kambalu kuchokera pa chithunzi chija cha pa Mbombwe, chinaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London, Chilembwe ali wamkulu kuposa Chorley, chipewa chili kumutu. Chaka chilichonse pa 15 Januwale magalimoto a akuluakulu a boma amandandalika pa PIM, makwaya amaimba, nkhata zamaluwa zimaikidwa, amayi ogulitsa zitumbuwa, chimanga chootcha ndi mango amapezako kangachepe. Ndi tsiku labwino ndipo anthu a kuno amalinyadira. Koma limagwa pakati pa Januwale, mwezi umene nkhokwe zambiri zimakhala zitapuntha, chimanga cham'munda chisanakhwime. Alendo akamamwazikana madzulo, eni mudzi amabwerera ku funso lomwe lija limene makolo awo ankapita nalo pakhonde la mbusa.

Funsolo ndi la malo. Thangata anapitirira zaka zambiri Chilembwe atafa. Pambuyo pa njala yaikulu ya 1949, imene inakantha kwambiri madera ozungulira Blantyre, boma la atsamunda linafulumira kugula minda ya maesiteti n'kukhazikamo anthu, ndipo malo a Bruce anagulitsidwa m'zaka zimenezo. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962. Nthaka inabwerera kwa anthu, koma anthuwo anali atachuluka kale, chifukwa maesiteti anakhala zaka zambiri akukoka mabanja kuchokera ku Mozambique ndi kuwaunjika pamalo amodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 356,875 m'boma la Chiradzulu, boma limene kukula kwake ndi masikweya kilomita 767 okha. Ndiye kuti pa sikweya kilomita imodzi pali anthu oposa 460, pamene dziko lonse pa nthawiyo linali ndi anthu 186 pa malo ofanana. Maboma othithikana chotere m'Malawi muno ndi owerengeka.

Manambala amenewa amaoneka bwino ukaima m'munda. Kuno munda umayenda kuchikazi: mayi amagawira ana ake aakazi, mwamuna amakalima kwa mkazi wake. Gogo amene anali ndi munda woti kuuzungulira n'kutopa anagawira ana ake atatu, iwonso agawira awo, ndipo lero mdzukulu akuloza mizere yowerengeka, malire ake ali mzere wa chinangwa kapena chitsa cha mtengo wa mango. Mabanja ambiri salima ngakhale hekitala imodzi. N'chifukwa chake m'munda umodzi mumapezeka zonse: chimanga, nandolo, nyemba, maungu, mbatata m'mphepete, palibe pongokhala. Nthaka yosagonera yatopa, ndipo popanda feteleza chimanga chimangofika m'chiuno n'kuchita chikasu. Milandu yambiri imene mafumu amaweruza pabwalo ndi ya malire, nthawi zina pakati pa ana a mimba imodzi. Mitengo ya m'mapiri inatha ndi nkhuni, makala ndi mauvuni a njerwa, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anaonetsa mtengo wake: matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira m'boma lomwe lino.

Koma anthu a kuno si ongokhala manja lende. M'madimba a m'mbali mwa timitsinje mumatuluka tomato, kabichi, mpiru ndi anyezi zimene zimadyetsa Limbe ndi Blantyre. M'bandakucha umakumana ndi njinga zitasenza madengu, amayi atakhala pamsewu kudikira galimoto ya kumsika. Ena aweta ng'ombe yamkaka imodzi m'khola kuseri kwa nyumba, amaimwetera nsenjere m'mphepete mwa munda, m'mawa n'kupalasa njinga ndi chigubu kupita kumalo osonkhanitsira mkaka. Mliri wa Edzi utafika pachimake, maliro ali tsiku ndi tsiku, boma la Chiradzulu linali pakati pa malo oyamba m'dziko muno kulandira mankhwala otalikitsa moyo kwaulere, pamene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kuwapereka mu 2001, kenaka n'kuwafikitsa m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi kuti odwala asamayende mtunda wautali. Anthu amene anali atalembedwa kale m'gulu la akufa anadzuka n'kugwiranso khasu.

Achinyamata ndiwo sakhazikika. Mnyamata akamaliza Fomu 4 pa sukulu za pafupi pano, amayang'ana kamunda ka mayi ake, amadziwa kuti n'ka alongo ake, ndipo kumene angakakwatire nakonso munda ndi womwewo wa mizere yowerengeka. Ena amagula njinga yamoto pangongole n'kuyamba kabaza, ena amapita ku Limbe kukagulitsa m'misewu kapena kulondera, ena amasonkha ya pasipoti n'kukwera basi ya ku Johannesburg, njira yomwe agogo awo ankayenda wapansi. Ndalama zimene amatumiza pa foni ndi zimene zikugula feteleza, kulipira fizi ndi kufolera nyumba ndi malata, ndipo nyumba zambiri zatsopano zimene zikumangidwa m'midzi yozungulira PIM zikuima pamalo pamene chaka chathachi panali mizere ya chimanga.